Tayala ili lilowa pa limu yanga? Yezani kaye musanatulutse ndalama

Sabata siyitha popanda munthu kufika pa shedi yanga kuno ku Dedza atakoleka tayala latsopano paphewa, nkhope ili gwaa, n'kunena kuti, "Madala, tayala ili likukana kulowa." Lero ndi wa kabaza, mawa ndi mlimi wa kachewere wa ku Bembeke, mkuja ndi dalaivala wa Sienta amene wagula malimu onyezimira kwa mnzake. Yankho lake ndalibwereza mpaka kukamwa kuuma, ndiye ndati ndilembe kamodzi, wofunsa ndizingomuponyera pa WhatsApp.

Tigwirizane kaye mawu. Limu ndi chitsulo chozungulira chimene tayala limakhalapo. Mbali zake ziwiri zotukuka zija ine ndimazitcha milomo ya limu. M'mphepete mwa tayala, mbali zonse ziwiri, muli waya wolimba wokutidwa ndi mpira, ndipo ndi waya ameneyu amene amakhala m'kati mwa milomo n'kugwira tayala kuti lisavuke mukapopa.

Tayala ndi limu zimakumana pa miyeso iwiri. Woyamba ndi kukula kwa bwalo pamene waya amakhala. Pamenepa palibe kunenerera ngati pamsika wa Lizulu, mukaphonya ndi mamilimita ochepa okha mwataya ndalama. Wachiwiri ndi kutambalala: tayala ndi lonenepa bwanji, limu ndi yotakata bwanji. Uwu uli ndi mpata wosankha, koma mpatawo uli ndi malire, ndipo ndi umene anthu ambiri sauyeza n'komwe.

NJINGA

1. Werengani manambala ang'onoang'ono, osati akuluakulu

Pukutani matope m'mbali mwa tayala lakale. Mupeza zolemba zikuluzikulu monga 28 x 1 1/2 kapena 26 x 1.95. Zimenezo zitengeni ngati dzina chabe. Fufuzanibe mpaka mupeze manambala awiri olumikizidwa ndi kamzere, monga 40-635, 47-622 kapena 50-559. Umenewu ndi muyeso wa ETRTO, umene mafakitale a matayala ndi malimu amagwirizana. Nambala yoyamba ndi kunenepa kwa tayala m'mamilimita. Yachiwiri ndi kukula kwa bwalo la waya, m'mamilimitanso. Yachiwiriyo iyenera kufanana ndendende ndi ya limu yanu. Ijambuleni pa foni musananyamuke kupita kusitolo.

2. Dziwani kuti 28 alipo awiri, ndipo 26 alipo angapo

Munthu akandiuza kuti "ndipatseni la 28", ndimafunsa kuti "28 wake uti?" Ena amakwiya, amaona ngati ndikuwachedwetsa dala. Koma taonani.

Njinga zakuda zachikale zija, za mabuleki a ndodo zachitsulo, monga Humber, Raleigh, Hero ndi Phoenix, zimavala 28 x 1 1/2, ndipo bwalo lake ndi 635. Njinga zambiri za kaunjika zochokera ku Ulaya zimalembedwanso 28, mwina 28 x 1.75 kapena 700 x 38C, koma bwalo lake ndi 622. Kusiyana kwake ndi mamilimita 13. Zimene amazitcha 29, za matayala onenepa zija, nazonso ndi 622 yomweyo. Chodabwitsa china n'chakuti 27 x 1 1/4 ndi 630, ndiye kuti "27" ameneyu ndi wamkulu kuposa "28" wa ku Ulaya.

Kumbali ya 26 nakonso kuli chipwirikiti. Njinga za mapiri, zimene timangoti mawunteni, ndi 559, ndipo kunenepa kwake kumalembedwa ndi kadontho: 26 x 1.75, 26 x 1.95, 26 x 2.125. Njinga za ku Japan zokhala ndi kabasiketi kutsogolo, zimene amayi ndi ana asukulu amazikonda, nthawi zambiri ndi 26 x 1 3/8, bwalo lake 590. Zolembedwa 27.5 ndi 584. Za ana za 24 zambiri ndi 507, za 20 ndi 406.

Kalamulo kosavuta: ngati tayala lina kunenepa kwake kwalembedwa ndi kadontho, lina ndi nambala yapamwamba ndi pansi, musaziyese zofanana ngakhale masamu akusukulu akunena kuti n'zofanana. 26 x 1.75 ndi 26 x 1 3/4 sizilowa pa limu imodzi.

Tayala lochepa bwalo silivuta kulizindikira chifukwa limakana, ndipo mukalikakamiza ndi masipanala mumadula waya kapena kuboola chubu. Loopsa ndi lokula bwalo, chifukwa limalowa mwaulemu. Ndili wongoyamba kumene ntchitoyi ndinaveka 635 pa njinga ya 622 ya aphunzitsi ena. Linalowa ndi zala zokha, ine n'kumadziyamikira kuti dzanja lakhwima. Nditapopa, chubu chinasuzumira pakati pa waya ndi mlomo ngati lilime, kenako phuu! Amayi ogulitsa tomato pafupi anathawa n'kusiya malichero. Chubu ndinalipira ndekha. Kuyambira tsiku limenelo, tayala likalowa mofewa kwambiri ndimaima kaye n'kuwerenganso manambala.

3. Ngati zolemba zinafufutika, yezani limu, koma samalani msampha

Vulani tayala. Malimu ena amakhala ndi kapepala kapena chidindo cholembedwa monga 622 x 19 kapena 559 x 21. Mukachipeza mwapeza zonse: nambala yoyamba ndi bwalo, yachiwiri ndi kutakata kwa m'kati.

Ngati palibe, tengani tepi ya atelala muyeze kuchoka pa nsonga ya mlomo mbali ina kukafika pa nsonga ya mlomo mbali inayo, modutsa pafupi ndi habu. Msampha uli apa: waya wa tayala sakhala pa nsonga ya mlomo, amakhala m'munsi pang'ono. Choncho pa nambala imene mwapeza chotsanipo mamilimita pafupifupi 12. Limu ya 622 mukaiyeza kunja imapereka 633 kapena 635. Munthu amaona 635 pa tepi, n'kuthamangira kukagula 28 x 1 1/2, n'kubwereza ngozi yanga ija. Limu yeniyeni ya 635 kunja imapitirira 645. Ya 559 imazungulira pa 571.

4. Yezani kutakata kwa m'kati mwa limu

Apa ndi pamene ambiri amadumpha, choncho tikhalapo pang'ono.

Chimene mukufuna ndi mpata wa pakati pa milomo iwiri, m'kati, pamene tayala limalowa. Simukufuna kunenepa kwa limu yonse kunja pamene mabuleki amagwira. Muyeso wakunja umaposa wam'kati ndi mamilimita 5 kapena 6, nthawi zina kupitirira, ndipo pa njinga kusiyana kotere n'kwakukulu. Ndiye simungayeze tayala lili pomwepo. Livuleni basi, palibe njira yachidule.

Amene ali ndi kachipangizo koyezera ka amakaniko, kaja kokhala ndi nsagwada zotsetsereka, agwiritse ntchito timano take tam'mwamba toyezera m'kati. Amene alibe achite chonchi. Tengani kamtengo ka machesi. Kadulenidulenitu pang'onopang'ono ndi lezala, mukuyesa kukalowetsa chopingasa pakati pa milomo. Kakalowa mothina, kakukhudza mbali zonse ziwiri popanda kupindika ndiponso popanda kugwera pansi pa ngalande ya masipoko, katulutseni mukayeze pa lula ya mwana wasukulu. Lula kuiika pamwamba pa limu n'kumayang'ana ndi diso kumanamiza, chifukwa milomo ndi yozungulira ndipo diso limatenga pakati pa mlomo m'malo mwa m'kati mwake.

Malimu ambiri a aluminiyamu ali ndi kambedza kakang'ono kopindikira m'kati pa nsonga ya mlomo. Yezani pakati pa timbedzato, pamene mpata uli wochepetsetsa. Malimu achitsulo a njinga zakuda alibe kambedza kotere, milomo yake ndi yongokulungidwa, ndiye sagwira waya mwamphamvu ngati anzawo. N'chifukwa chake safuna mpweya wopyola muyeso.

Musayeze malo amodzi. Kamtengo kanu kaja kayendetseni malo atatu kapena anayi kuzungulira limu. Njinga imene yakhala ikutsika ndi matumba a kachewere m'misewu ya miyala ya ku Tsangano imakhala ndi malo amene mlomo unaphwanyikira kunja kapena kupindikira m'kati. Pamene kamtengo kagwera mosakhudza mbali, mlomo unatseguka, ndipo tayala lililonse limene mungaveke lidzavukira pamenepo. Anthu amamanga malo otere ndi legeni, n'kumayenda njinga ikudumpha ngati chule. Legeniyo ikufikitsani kunyumba lero, koma limu yotere ndi yofunika kuwongola kapena kusintha.

5. Chitani masamu, kenako yang'anani foloko

Mukapeza kutakata kwa m'kati, chulukitsani ndi 1.5, kenako ndi 2. Tayala la kunenepa kwa pakati pa mayankho awiriwo likhala bwino. Limu ya 19 imalandira bwino kuyambira 28 mpaka 38. Ya 25 imalandira kuyambira 37 mpaka 50, ndiye 40-635 imakhalapo mosatekeseka. Timalimu towonda ta njinga zampikisano, ta 13 kapena 15, ndi ta matayala a 23, 25 kapena 28. Pa mawunteni mukhoza kufika mpaka kuchulukitsa ndi 2.5, monga tayala la 50 pa limu ya 21, chifukwa matayala amenewo sapopedwa mouma kwambiri. Koma ngati njinga ndi yonyamula anthu kapena katundu, ine ndimati musatalikire 2.

Mukaveka tayala lonenepa kwambiri pa limu yowonda, limakhala ngati babu la magetsi, mimba kunja, khosi lothina. Mukakhota limagwedezera mbali, ndipo mpweya ukachepa limafuna kugudubuzika kuchoka pa limu. Mukalipopa kwambiri kuti lisagwedezeke, limakankha milomo kunja mpaka limu kung'aluka pamene mabuleki anaidya kale. Mpira wa m'mbali nawo umayamba kuthetheka pafupi ndi waya.

Mukaveka lowonda pa limu yotakata, limaphwatalala n'kukhala lalifupi. Mwala uliwonse umafika pa chitsulo. Chizindikiro chake ndi timabowo tiwiri toyandikana pa chubu, ngati pamene yaluma njoka. Wa kabaza amene akumata chubu kawiri pa tsiku ndi mabowo otere asatukwane chubu. Mwina tayala ndi lowonda poyerekeza ndi limu, mwina mpweya ndi wochepa poyerekeza ndi katundu.

Masamu akalola, funsaninso njinga. Pakati pa tayala ndi foloko, ndiponso pakati pa tayala ndi madigadi, pakhale mpata woti pensulo n'kudutsa. M'chilimwe mpata wochepa suoneka vuto. Dikirani Januwale, dothi lofiira lathu lino likakamatira, mudzakankha njinga magudumu osazungulira.

6. Chubu, valavu ndi kupopa koyamba

Chubu chimatanuka, choncho chimodzi chimakwana matayala angapo oyandikana kunenepa, ndipo pa bokosi amalembapo malire ake. Chachikulu kwambiri chimapindika m'kati n'kudzibowola chokha. Valavu zilipo zitatu: ya njinga zakuda ya kampira kam'kati, yonenepa yofanana ndi ya galimoto, ndi yowonda ya njinga zampikisano. Ziwiri zoyambazo zimalowa pa bowo lofanana. Yowondayo bowo lake ndi laling'ono. Musaiwale lamba wophimba mitu ya masipoko, ngakhale wodula ku chubu chakale.

Popani pang'ono, muime. Pa tayala, pamwamba pang'ono pa waya, pali kamzere kozungulira. Zunguzani gudumu mukukayang'ana. Kazioneka mofanana kuzungulira konse, mbali zonse ziwiri. Pamene kamira, waya sanakwere. Pamene katukuka kwambiri, mwina chubu chapanika pansi pa waya. Phwetsani, konzani ndi zala, kenako mupope mokwana.

GALIMOTO

7. Yambani ndi chitseko cha dalaivala

Tsegulani chitseko cha dalaivala muyang'ane pa chipilala. Magalimoto ambiri ali ndi kapepala pamenepo kosonyeza saizi ya matayala imene fakitale inaika ndi mpweya wake. Ngakhale mawu ali m'Chijapanizi, manambala muwerenga. Khulupirirani kapepalako kuposa matayala amene ali pa galimoto panopa, chifukwa mwini wake wakale mwina anangoveka zimene anapeza.

Tiwerenge 195/65 R15 91H. 195 ndi kunenepa kwa tayala m'mamilimita. 65 akutanthauza kuti msinkhu wa khoma la m'mbali ndi magawo 65 pa 100 a kunenepako, ndiye pafupifupi mamilimita 127. R ndi mtundu wa kalukidwe ka m'kati. 15 ndi bwalo la limu m'mainchesi, ndipo monga pa njinga, apa palibe kunenerera: tayala la 15 ndi la limu ya 15. 91 ndi mphamvu yonyamula, H ndi liwiro limene tayala lingapirire, lomwe ndi makilomita 210 pa ola.

8. Pezani kutakata kwa limu

Pa tayala sanalembepo kutakata kwa limu, ndiye anthu amangoti "ndi fifitini" n'kuthera pomwepo. Koma malimu a 15 alipo a mainchesi 5, 5.5, 6, 6.5, 7 mpaka 8 m'kutakata. Chidindo chimakhala pa limu penipeni. Pa malimu a aluminiyamu chimakhala kuseri, ndiye muyenera kumasula gudumu n'kulitembenuza, n'kukwecha fumbi la mabuleki ndi kaburashi. Pa malimu achitsulo amachidinda pafupi ndi mabowo a manati kapena m'mphepete. Mupeza zonga 15x6J kapena 6Jx15, pa ena a ku Japan 15x6JJ. 15 ndi bwalo, 6 ndi kutakata m'mainchesi, J ndi maonekedwe a mlomo.

Ngati chidindo sichikuoneka, vulitsani tayala muyeze, ndipo msampha wa pa njinga uja uliponso. Kutakata kumayezedwa m'kati, kuchoka pakhoma la mlomo wina kukafika pakhoma la unzake, pamene waya amatsamira. Mukagoneka tepi pamwamba kuchoka kunja kufika kunja mupeza pafupifupi inchesi yathunthu yowonjezera. Limu ya 6J m'kati ndi mamilimita 152, koma kunja imayandikira mainchesi 7. Ndinaonapo mkulu wina atagula matayala anayi a 225 chifukwa anayeza kunja n'kupeza 7, pomwe malimu ake anali 6J. Bwalo nalonso chimodzimodzi: limu ya 15 mukaiyeza pa nsonga za milomo imapitirira mainchesi 16.

9. Gwirizanitsani

Tayala lililonse lili ndi malimu amene opanga amalola. Nawa a masaizi amene timakumana nawo kawirikawiri:

155/80 R13: limu ya 4 mpaka 5
175/70 R14: limu ya 4.5 mpaka 6, yabwino kwambiri 5
185/65 R15: limu ya 5 mpaka 6.5, yabwino kwambiri 5.5
195/65 R15: limu ya 5.5 mpaka 7, yabwino kwambiri 6
205/55 R16: limu ya 5.5 mpaka 7.5, yabwino kwambiri 6.5
225/45 R17: limu ya 7 mpaka 8.5
265/65 R17: limu ya 7.5 mpaka 9.5, yabwino kwambiri 8

Muona kuti tayala la khoma lalifupi limafuna limu yotakata kuyandikira kunenepa kwake, pomwe la khoma lalitali limalolera limu yowonda. Khalani pakati, osati pa malire.

Tayala lonenepa pa limu yowonda limatukuka pamsana, limadyeka pakati m'mbali muli mano, ndipo galimoto imayenda ngati bwato. Pa M1 powongoka simungamve. Mudzamva potsika Khwekhwelere kulowera ku Golomoti, pamene mukhota chiwongolero galimoto n'kuyankha mochedwa, kenako n'kutsamira mbali imodzi. Tayala lowonda pa limu yotakata, limene anyamata amalikonda chifukwa cha maonekedwe, limakokeka makoma n'kusiya mlomo wa limu pamtunda. Dzenje limodzi, limu yathetheka kapena mpweya wathawa nthawi imodzi.

10. Mukasintha saizi, msinkhu wa gudumu lonse usasinthe

Tengani foni muwerengere. Kunenepa kuchulukitsa ndi nambala yachiwiri, kugawa ndi 100, ndiwo msinkhu wa khoma. Chulukitsani ndi 2 chifukwa khoma lili pamwamba ndi pansi. Onjezani bwalo la limu mutalichulukitsa ndi 25.4.

Tiyese ndi 175/70 R14, saizi ya Sienta yakale ija. Khoma ndi 122.5, kawiri ndi 245, limu ndi 355.6, zonse pamodzi 600.6. Mukafuna kukwera pa limu ya 15, 185/60 R15 imapereka 603, ndiye zili bwino. Mukafuna kuti galimoto itukuke pang'ono chifukwa cha misewu yakumudzi, 185/70 R14 imapereka 614.6, kuwonjezera magawo awiri ndi pang'ono pa 100, ndipo izi n'zopiririka ngati sizikukhuza. Koma 195/70 R14 imafika 628.6, kuwonjezera pafupifupi magawo 5 pa 100. Malire amene ambiri timatsata ndi magawo 3. Mukapyola, muvi wa liwiro umanama: ukaloza 80 inu muli pafupi ndi 84, ndipo kamera ya apolisi apamsewu siwerenga muvi wanu. Galimoto imalemeranso pokwera zitunda, tayala n'kumakhuza bodi mukanyamula.

Pa nkhani ya malimu akuluakulu ndinene maganizo anga. 195/65 R15 ndi 225/45 R17 msinkhu wake ndi wofanana, pafupifupi 634. Masamu akulola. Koma khoma la loyamba ndi 127, la lachiwiri ndi 101. Mamilimita 26 amenewo ndi khushoni imene imaima pakati pa limu yanu ndi dzenje. Ngati mumayenda ku Mayani, ku Lobi kapena ku Kasinje, khalani ndi 15 wanu. Kukongola kwa 17 kumatha tsiku limene mukufunafuna wowotcherera aluminiyamu.

11. Kunenepa si mphamvu

Madalaivala ambiri amaganiza kuti tayala lonenepa ndiye lonyamula. Yonyamula ndi nambala ija ya pambuyo pa saizi. 84 ndi makilogalamu 500 pa tayala limodzi, 88 ndi 560, 91 ndi 615. Tayala la minibasi lolembedwa 195 R14C 106/104 limanyamula 950, pomwe la galimoto yaing'ono la 195/70 R14 91 limathera pa 615. Onse ndi 195, onse ndi 14, onse alowa pa limu imodzi, koma kusiyana kwake ndi makilogalamu 335 pa gudumu lililonse. Pa minibasi, pa Probox yonyamula katundu ndi pa mapikapu, funani chilembo C kapena LT. Manambala awiri aja, 106/104, woyamba ndi wa tayala loyenda lokha, wachiwiri ndi wa matayala ophatikiza awiri. Musatsike pansi pa nambala imene ili pa chitseko. Ndipo matayala awiri a ekiselo imodzi, kumanja ndi kumanzere, akhale a saizi imodzi. Pa galimoto yokoka ndi magudumu onse anayi, onse akhale ofanana.

12. Ngati mukugulanso malimu

Werengani mabowo ndi katalikirana kwake, kamene amati PCD. Timagalimoto tambiri tating'ono ndi 4x100, ndiye kuti mabowo anayi okhala pa bwalo la mamilimita 100. A mabowo asanu alipo 5x100 ndi 5x114.3, ndipo ndi maso simungawasiyanitse msanga. Hilux ya mabowo asanu ndi limodzi ndi 6x139.7. Limu imene ikufuna kukankhidwa ndi phazi kuti ilowe pa mabawuti si yanu.

Pa chidindo mupezanso ET ndi nambala, monga ET45. Imeneyi imanena kuti limu ilowa m'kati kapena ituluka kunja motani. Nambala ikachepa gudumu limatulukira kunja n'kumadyana ndi bodi, ikakula limalowa n'kukhuza shoko kapena mabuleki. Musatalikire nambala ya limu yakale ndi mamilimita opitirira 5 kapena apo. Bowo lapakati nalo likwane pa habu.

13. Matayala a kaunjika

Ambirife ndi amene timakwanitsa, ndiye sindinena kuti musagule. Pezani mawu akuti DOT m'mbali, mutsate mpaka manambala anayi omaliza. 2319 ndiye kuti linapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2019. Tayala la zaka zambiri mpira wake umauma ngakhale mano akuoneka. Pindani khoma ndi dzanja muone ngati likuonetsa timing'alu. Lowetsani dzanja m'kati mufufuze zigamba, makamaka za m'mbali, ndipo muyendetse chala pa waya kuzungulira konse. Waya wodyeka kapena wopindika sagwira limu ngakhale saizi ili yolondola. M'ngalande za mano muli timapiri ta mamilimita 1.6, ndipo mano akafanana nato tayala latha.

Lolembedwa STUDLESS ndi la m'chipale chofewa cha ku Japan. Dedza kumazizira, inde, koma Juni wathu si chisanu chimene analipangira. Mpira wake ndi wofewa, pa tala wotentha umadyeka msanga ndipo galimoto siima bwino pakagwa mvula.

A malole ang'onoang'ono amve ichi. Kuli malimu a 16 ndi a 16.5, kulinso a 17 ndi a 17.5. Tayala la 16 limatha kulowa pa limu ya 16.5 koma waya sangakhale pamalo pake. Wopopa akamawonjezera mpweya kuti likwere, waya amaduka ndipo tayala limaphulika ndi mphamvu yotha kupha munthu. Werengani chidindo cha limu, musayerekeze ndi maso.

14. Poveka ndi pambuyo pake

Imani pomwepo pamene akuveka. Waya apakidwe madzi a sopo, osati oyilo kapena girisi, chifukwa izi zimawononga mpira. Popopa mumva kulira kawiri, pho! pho!, kusonyeza kuti mbali zonse zakwera. Ngati mpweya wafika 40 psi waya asanakwere, auzeni aphwetse ayambirenso, asapitirize. Zothira petulo m'tayala n'kuyatsa machesi zija musalole pa galimoto yanu, ndipo mutalikire pamene ena akuchita. Mukatha yang'anani kamzere kozungulira kaja monga tinachitira pa njinga, kenako mutsitse mpweya ufike pa muyeso wa pa chitseko. Ngati walembedwa 230 kPa, ndiye 2.3 bar kapena 33 psi. Yezani matayala ali ozizira.

Musanachoke, khotetsani chiwongolero mpaka kumapeto kumanja, mulowetse dzanja kuseri kwa tayala mumve ngati pali mpata, kenako kumanzere. Kwezani anthu kumbuyo monga mumanyamulira masiku onse, mudutse pa hampu pang'onopang'ono mawindo ali otsegula, mukumvetsera. Mukamva kukwecha, bwererani pomwepo matayala asanadetsedwe, wogulitsa akadali wokhoza kuwalandira. Ngati zonse zili chete, yendani, koma mukatha makilomita 50 muime mumangenso manati onse, makamaka pa malimu a aluminiyamu. Wochoka pa Dedza boma kulowera ku Ntcheu akhoza kuchita zimenezi pa Lizulu kapena pa Mlangeni, sipanala ikhale pafupi, osati pansi pa matumba.